Hardcore yeniyeni ndi iti, ya piyano kapena ya ometa mpala?

Funso: Ndili ku Manchester kuno, ndipo anzanga a kuntchito, bambo achikulire ndithu, ananditengera ku dansi ya nyimbo zomwe iwo amati ndi hardcore yakale. Zinali nyimbo zothamanga, za piyano, timawu ta oimba toonda ngati ta ana. Nditabwerera kunyumba ndinakasaka pa YouTube, koma ndinapeza zosiyana kotheratu: anyamata ometa mpala akupondaponda pansi, ng'oma yake yongoti du du du osapuma. Hardcore yeniyeni ndi iti pamenepa? Inachokera kuti, ndipo imathamangiranji chonchi?

Yankho: Palibe yabodza pa ziwirizi, m'bale wanga. Zonse ndi hardcore, zinabadwa nthawi imodzi, pakati pa 1990 ndi 1992, ndipo kholo lake ndi limodzi, kungoti zinakulira m'mizinda yosiyana. Ija munavina ndi anzanu ndi ya ku England. Ya ometa mpalayo ndi ya ku Netherlands, ndipo kwawoko amaitcha gabber. Mukafuna kuzisiyanitsa musatengeke ndi piyano kapena phokoso, tcherani khutu ku ng'oma. Ikakhala yodumphadumpha, yomveka kuti poyambirira anaiomba ndi munthu wogwira timitengo m'manja, ndi ya ku England. Ikakhala imodzi yokha, yogunda molunjika ngati musi mu mtondo, mawu ake ophwanyika mwadala, ndi ya ku Rotterdam.

Kholo lija ndi house ya ku Chicago ndi techno ya ku Detroit, nyimbo zomwe anaziyambitsa ndi achinyamata akuda a ku America m'zaka za m'ma 1980. Ku Chicago kunali DJ Frankie Knuckles pa kalabu ya Warehouse, ku Detroit kunali Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson. Zida zawo zinali timakina ta kampani ya Roland ya ku Japan, monga TR-909 yoomba ng'oma ndi TB-303 yoimba besi, tomwe oimba a m'mabandi anatikana mpaka tinayamba kugulitsidwa motchipa m'mashopu a zinthu zakale. Mu 1987 gulu la Phuture linatulutsa nyimbo yomwe anapotokola mabatani a TB-303 mpaka kamakinako kanalira modabwitsa, ndipo apa ndi pomwe panabadwira acid house. Liwiro la nyimbo zovina timaliyeza powerenga kuti ng'oma yagunda kangati pa mphindi imodzi, ndiye BPM ija mumaiona pa mapulogalamu a ma DJ. House ya nthawi imeneyo inkagunda ka 120 kapena kupitirira pang'ono. Amapiano yomwe timavina masiku ano imakhala cha m'ma 112. Musaiwale manambala awiriwa.

M'chilimwe cha 1987 ma DJ a ku London, mwa iwo Paul Oakenfold ndi Danny Rampling, anakacheza pa chilumba cha Ibiza ku Spain. Kumeneko anakamva DJ Alfredo pa kalabu ya Amnesia, anakalawanso piritsi la ecstasy. Atabwerera anayambitsa madansi awo, Rampling n'kutsegula kalabu ya Shoom, ndipo mu 1988 moto womwewo unafika pa kalabu ya Haçienda, ku Manchester komwe muliko. Chovuta chinali lamulo: makalabu ambiri ankatseka cha m'ma 2 kapena 3 koloko usiku, anthu thukuta lili kamukamu, gule asanawakwane. Ndiye gule anatuluka m'tauni n'kupita m'minda, m'nyumba zosiyidwa zosungiramo katundu, ngakhale m'mashedi a ndege.

Mu 1989 zinkayenda motere. Munthu umagula tikiti yopanda dzina la malo, pongolembedwa nambala ya foni. Loweruka usiku magalimoto mazanamazana amakaunjikana pa malo omwetsera mafuta m'mbali mwa M25, msewu wozungulira London, wina ali pa foni yoponya makobidi kuimba nambala ija mobwerezabwereza. Uthenga ukangosintha n'kutchula malo, onse amadzambatuka pa mdipiti, kuti akafike ambiri apolisi asanatseke njira, poti anthu zikwizikwi akalowa kale m'munda palibe wowatulutsa. Boma linayankha mu 1990 ndi lamulo lokweza chindapusa kufika pa mapaundi 20,000, kapena miyezi 6 ya ndende, kwa wokonza dansi yopanda chilolezo. Rave, dzina la madansi oterewa, sinafe nazo. Okonza ambiri anangotenga ziphaso n'kumachititsa madansi akuluakulu ovomerezeka monga Raindance, Fantazia ndi Dreamscape.

Chomwe chinasintha kwenikweni ndi ovina. Oyamba aja a ku Shoom anali anthu odziwana okhaokha, okonda mafashoni. Pofika 1990 m'madansimo munadzaza ana a anthu wamba: a ku Essex, a m'mafulati a khonsolo ku Hackney ndi Tottenham, ochemerera mpira, ndiponso ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Jamaica ndi zilumba zina za Caribbean, omwe anakulira pa zimasipika za reggae ndi pa hip hop. Amenewa nyimbo zofatsa sizinkawakwana. Ankafuna besi yogwedeza chifuwa ndi ng'oma yosapatsa thupi mpata, ndipo ataleka kudikira mbale zochokera ku America n'kuyamba kupanga zawo, chomwe chinatuluka ndi hardcore.

Zina anabwereka ku Belgium. Kampani ya R&S ya mumzinda wa Ghent inkatulutsa techno yaukali, ndipo mnyamata wa ku New York, Joey Beltram, anaipatsa nyimbo ziwiri zomwe zinagwedeza Europe, Energy Flash mu 1990 ndi Mentasm mu 1991. Yachiwiriyi, yomwe anapanga ndi Mundo Muzique, ili ndi kulira kwina kochokera mu kiyibodi ya Roland Alpha Juno, komwe Angerezi anakutcha hoover. Kulira kumeneku munakumva ndithu usiku uja, ndipo mukukumvanso m'mavidiyo a gabber, chifukwa nthambi zonse ziwiri zinakutenga.

Chawochawo cha ku England chinali ng'oma. Anyamata awiri a ku Hackney, PJ ndi Smiley, a gulu la Shut Up and Dance, ndi ena mwa oyamba kuchotsa ng'oma yolunjika ya house n'kuikapo zidutswa za ng'oma zodula m'mbale zakale za funk ndi soul, monga ankachitira a hip hop, koma iwo n'kuzithamangitsa. Chidutswa chotchuka kuposa zonse chimatchedwa Amen break. Ndi masekondi pafupifupi 7 a mu nyimbo ya Amen, Brother, yomwe gulu la The Winstons linatulutsa mu 1969, pamalo pomwe zida zina zonse zimati zii n'kutsala woomba ng'oma yekha, Gregory Coleman.

Taganizani mnyamata ali m'chipinda chake chogona kwa mayi ake. Patebulo pali kompyuta ya Atari ST kapena Amiga, pambali pake sampler ya Akai, kabokosi kotha kusunga mawu a masekondi ochepa chabe. Wajambula masekondi a Coleman aja, wawaika pa kiyibodi. Akadina batani la kumtunda chidutswacho chimathamanga, koma pothamangapo mawu ake amakweranso, chifukwa liwiro ndi kukwera kwa mawu zinkayendera limodzi. Njira yozisiyanitsa inalipo pa makina ena, koma inkachedwa ndipo inkasokoneza mawuwo. Ndiye ng'oma ija imauma n'kuthwa. Akatenga mawu a mayi woimba soul n'kuwathamangitsa kuti agwirizane ndi ng'omayo, pamatuluka timawu toonda tomwe mwafunsa tija. Sanali ana oimba, ayi. Kunali kuperewera kwa makina, kungoti ovina anakukonda mpaka kunasanduka chizindikiro cha nyimbozi. Pansi amaikapo besi yakuya ya reggae, pamwamba piyano ya house ya ku Italy, pakati hoover, mwinanso kamawu kodula mu filimu. Nyimbo imodzi imasintha kanayi kapena kasanu isanathe. Akamaliza amadinditsa mbale mazana ochepa za lebulo yoyera yopanda dzina, n'kuzungulira nazo m'mashopu zili mu buti ya galimoto, ndipo pofika Loweruka ikumveka pa mawailesi ozembera boma omwe ankabisa zoulutsira mawu padenga la mafulati.

Pali chinthu apa chomwe chimandiwawa mumtima nthawi zonse. Masekondi a Coleman ali m'nyimbo zikwizikwi, koma mwiniwake sanalandirepo kanthu, ndipo anamwalira mu 2006 ku Atlanta ali wosowa pokhala. Mtsogoleri wa gululo, Richard Spencer, anadzalandira kangachepe mu 2015, okonda nyimbo atasonkherana okha pa intaneti. Aliyense wovina hardcore kapena jungle ayenera kulidziwa dzina la Gregory Coleman.

Tsono za liwiro. Makina oseweretsa mbale omwe pafupifupi DJ aliyense ankagwiritsa ntchito, Technics SL-1200, ali ndi kachitsulo kotsetsereka kowonjezera liwiro mpaka 8 peresenti. DJ wofuna kuposa mnzake yemwe wangotsika kumene amakakankhira kumapeto. Wopanga nyimbo ali pakati pa ovina amamva nyimbo yake ikuthamanga kuposa mmene anaipangira, anthu n'kumakuwa, ndiye yotsatira amaipanga pa liwiro limenelo. Loweruka linalo DJ amaikankhanso. Onjezeranipo mankhwala. Ecstasy munthu akaizolowera simugwiranso ngati poyamba, ndiye ambiri ankachulutsa mapiritsi kapena kusakaniza ndi amphetamine, ndipo thupi lotero limafuna ng'oma yothamanga. Mu 1990 nyimbo zinali cha m'ma 125 mpaka 130, mu 1992 zinafika 140 mpaka 150, ndipo pofika kumapeto kwa 1993 zinali cha m'ma 160.

Mu 1991 ndi 1992 hardcore inalowa pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. The Prodigy, gulu la Liam Howlett wa ku Braintree ku Essex, linafika pa nambala 3 ndi nyimbo ya Charly, ndipo SL2 inafika pa nambala 2 chaka chotsatira. Olemba nkhani za nyimbo ndi ma DJ ambiri a house ankainyoza kuti ndi phokoso la ana oledzera mapiritsi. Magazini ya Mixmag inafika poika Howlett pachikuto n'kufunsa ngati nyimbo yakeyo yapha rave. Ine ndimaona kuti analakwitsa kwambiri. Mwa nyimbo zonse zovina za ku Britain za nthawi imeneyo, yonyozedwayi ndi yomwe inabereka ana ambiri, ndipo timakampani monga Moving Shadow, Reinforced ndi Suburban Base tinatulukira zatsopano zochuluka m'zaka ziwiri zokha kuposa makalabu apamwamba omwe ankatiseka. Inalinso nthawi yosowa, pomwe mwana wa mzungu wa ku Essex ndi mdzukulu wa Mjamaika wa ku Hackney ankavina limodzi nyimbo yomwe aliyense wa iwo ankaiona kuti ndi yake.

Mu Meyi 1992 anthu pakati pa 20,000 ndi 40,000 anasonkhana pa Castlemorton Common ku Worcestershire, gule wopanda tikiti n'kutha pafupifupi sabata yathunthu, dziko lonse likuonera pa TV. Mamembala 13 a gulu lochititsa madansi aulere la Spiral Tribe anazengedwa mlandu n'kupezeka osalakwa, koma boma linabwera ndi lamulo la Criminal Justice and Public Order Act la 1994, lopatsa apolisi mphamvu zobalalitsa anthu 100 kapena kuposerapo osonkhana panja usiku pa nyimbo zokuzidwa. Lamulolo linafika pofotokoza nyimbo zake kuti ndi zija za kugunda kobwerezabwereza. A Spiral Tribe anawolokera ku France ndi masipika awo, n'kukadzala komweko mwambo wa madansi aulere a panja.

Nthawi imeneyo n'kuti nyimbozo zitayamba kale kugawikana. Mu 1993 ena anali atatopa ndi piyano ndi timawu tachisangalalo. Pa dansi ya Rage, mu kalabu ya Heaven ku London, Fabio ndi Grooverider ankasankha mbale zamdima, ndipo Goldie, a 4hero ndi anzawo anayamba kudula ng'oma zija m'tizidutswa ting'onoting'ono n'kutisanja mwatsopano, mpaka ng'oma inakhala ndiyo nyimbo. Ng'oma ikuthamanga pa 160, besi ikuyenda pa theka la liwirolo monga mu reggae, MC akulankhula pamwamba pake mwa Chijamaika: imeneyo ndiyo jungle, yomwe wailesi ya Kool FM inaifalitsa mu London, n'kudzasanduka drum and bass. Pofika 1997 Roni Size ndi Reprazent a ku Bristol analandira nayo mphotho ya Mercury. Otsalawo, ambiri mwa iwo azungu a m'matauni ang'onoang'ono, anakakamira piyano ndi chisangalalo n'kupanga happy hardcore, ma DJ ake Slipmatt, Dougal, Vibes ndi Hixxy. Kwawo kunali ku Sanctuary, chinyumba cha ku Milton Keynes chomwe chinatsekedwa mu 2004 n'kugwetsedwa, pamalopo n'kumangapo shopu ya IKEA. Cha m'ma 1996 happy hardcore inali itataya ng'oma yodumphadumpha ija n'kutenga yolunjika, potengera za ku Scotland ndi ku Netherlands, liwiro lili cha m'ma 170. Choncho anzanuwo muwafunse chaka. Akati 1992 ndiye kuti ndi a ng'oma yodumpha, akati 1996 ndi a happy hardcore, ndipo anthu a magulu awiriwa amatsutsanabe mpaka lero.

Nthambi inayo sinadzere ku London. Ambiri amaloza ku Frankfurt, ku Germany, komwe Marc Acardipane, pogwiritsa ntchito dzina la Mescalinum United, anatulutsa We Have Arrived mu 1990, nyimbo youma, yopanda piyano, yopanda chosekerera. Lenny Dee anaitulutsanso ku New York mu 1991 pa mbale yoyamba ya kampani yake ya Industrial Strength. Koma komwe inakamera mizu ndi ku Rotterdam, mzinda wa doko, wa anthu ogwira ntchito zamanja, womwe umaona kuti Amsterdam imaupeputsa. Ku Amsterdam ankakonda house yofewa ya m'makalabu osankha anthu pakhomo. Ku Rotterdam, pa kalabu ya Parkzicht, DJ Rob ankaithamangitsa n'kumailimbitsa. Paul Elstak anatsegula Rotterdam Records mu 1992, ndipo mbale yoyamba inali ya Euromasters, yonyogodola Amsterdam poyera. Mkangano womwe uja wa matimu a mpira, Feyenoord ya ku Rotterdam ndi Ajax ya ku Amsterdam, unali utalowa m'nyimbo.

Chinsinsi cha gabber chili pa chinthu chimodzi. Amatenga ng'oma yaikulu ya TR-909, n'kuilowetsa mu mixer, n'kukweza mphamvu yolowera mpaka timagetsi tonse tifiire, pamlingo woti injiniya wa situdiyo aliyense angakuuzeni kuti mwaononga. Mawu amaphwanyika nsonga. Ng'oma imaleka kungogunda n'kuyamba kulira ndi liwu lake, lomwe mungathe kulikweza kapena kulitsitsa, ndiye imagwira ntchito ya ng'oma ndi ya besi nthawi imodzi. Liwiro limayambira pa 160 kukafika 200. Kavinidwe kake ndi hakken, timasitepe tachangu toponya zidendene, ndipo kavalidwe kake ndi mutu wometa, tirakisuti ya Australian ndi nsapato za Nike Air Max. Atsikana ankameta m'mbali ndi kunkhongo, tsitsi lapakati n'kulimanga kumbuyo. Mu Okutobala 1992 kampani ya ID&T inachititsa Thunderdome yoyamba m'bwalo la masewera a pa ayezi la Thialf ku Heerenveen, ndipo ma CD a dzina limeneli ndi omwe anaifikitsa gabber m'zipinda za achinyamata a mayiko ambiri a ku Europe.

Poti mwaona mitu yometa, ndiyenera kunena za tsankho, chifukwa ife akuda nkhaniyi imatikhudza. Ndi zoona kuti magulu odana ndi alendo analowerera m'madansi ena a gabber, ndipo ndi zoonanso kuti eni nyimbo ambiri analimbana nawo. Kampani ya Mokum ya ku Amsterdam, yomwe inayamba mu 1993, inkadinda pa mbale zake mawu otsutsa tsankho. Elstak mwiniwake ali ndi magazi a ku Suriname, ndipo The Darkraver, mmodzi mwa ma DJ okondedwa kwambiri m'gululi, ndi wakuda. Kumeta mpala pakokha si umboni wa kanthu. Komabe mukamapita ku dansi yotere kumalo kwachilendo, pitani ndi anzanu odziwa malowo.

Gabber inakula msanga n'kugwanso msanga. Pofika 1996 inali pa TV ndi m'zotsatsa malonda, ndipo nyimbo yoseka ma gabber inafika pa nambala 1 ku Netherlands. Achinyamata anachita manyazi n'kuyamba kusunga tsitsi, moti pofika 1999 ambiri ankati yatha. Sinathe. Inabisala kaye, n'kuchepetsa liwiro, n'kulemeretsa ng'oma, kenako inatulukanso ndi madansi a Masters of Hardcore ndi oimba ngati Angerfist. M'nthawi yomweyo munabadwa hardstyle, ya cha m'ma 150, yomwe chikondwerero chake cha Defqon.1 chinayamba mu 2003. Ena anapitiriza kuthamanga: Frenchcore cha m'ma 200, uptempo kupitirira apo, speedcore 300 kupita m'tsogolo. Thunderdome inatsanzika mu 2012 n'kubwereranso mu 2017. Ndipo chithereni mliri wa Covid-19, techno ya m'makalabu a ku Europe yathamanga n'kuuma mpaka ma DJ achichepere akusakanizamo mbale za gabber zomwe akuluakulu a techno kale sakanazikhudza n'komwe.

Za mankhwala sindikubisirani. Ecstasy inapha anthu m'madansi amenewa. Mu 1994 mokha, achinyamata atatu anamwalira atapita ku madansi a pa kalabu ina ya mumzinda wa Ayr ku Scotland. Chimapha kawirikawiri ndi kutentha kwa thupi, munthu akavina maola ambiri m'chinyumba chopanda mpweya, ndipo ena anafa chifukwa chomwa madzi mopyola muyezo poopa kutenthako. Ku Britain ecstasy ili m'gulu la Class A, la milandu yolemera kwambiri, ndipo kwa munthu wokhala pa viza mlandu wotere ukhoza kumutayitsa chilolezo chokhala m'dzikomo. Nyimbozi zimakoma bwinobwino popanda piritsi.

Kum'mwera kwa Africa house yomweyo inayenda njira ina. Ku Johannesburg, m'zaka za m'ma 1990, anaichepetsa liwiro n'kubala kwaito, ndipo amapiano yatsata mapazi omwewo, n'chifukwa chake khutu lathu linazolowera kuti nyimbo za makina zimayenda mofatsa. Koma ku Dar es Salaam, m'madera ngati Tandale ndi Manzese, kuli singeli, yothamanga ka 200 mpaka 300 pa mphindi, yopangidwa pa malaputopu otchipa, MC akuthamanga nayo m'Chiswahili. Sinachokere ku gabber. Mizu yake ili mu taarab, mu mchiriku ndi m'ng'oma za Azaramo. Kampani ya Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala itatulutsa chimbale cha Sounds of Sisso mu 2017, zikondwerero za ku Europe zinayamba kuitana oimba ake, ndipo okonda hardcore kumeneko anailandira ndi manja awiri. Pa nyimbo zonse zomwe zikupangidwa lero, singeli ndi yomwe imandikumbutsa kwambiri mbale za lebulo yoyera za mu 1992. Nayonso ndi ya ana a m'makomboni okhala ndi zida zotchipa, ndipo akuluakulu ankainyoza kuti ndi ya achifwamba mpaka pomwe inayamba kumveka pa wailesi.